Ndaona ndi Maso Anga: Mafunso ndi Mayankho pa Zakupenya, Chizungulire ndi Ubongo

Mafunso awa ndawatolera pang'onopang'ono pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa sayansi kuno ku Dedza. Ambiri ndi a ana asukulu, ena ndi a makolo awo, ena ndi a madala anzanga a pabawo, ndipo awiri atatu anandipeza m'minibasi, munthu atangomva kondakitala akundiitana kuti aphunzitsi. Ine si dokotala. Pamene nkhani yafika pofuna chipatala ndanena mosapita m'mbali.

Kodi chimene chimaona ndi diso kapena ubongo?

Zonse ziwiri, koma mawu omaliza ndi a ubongo. Ndimakonda kuyerekeza ndi bwalo la milandu. Diso ndi mboni, limafotokoza zomwe zalipeza. Khutu nalo ndi mboni, mapazi chimodzimodzi. Ubongo ndiye amfumu: amamva mbali zonse, amaphatikizapo zomwe akuzidziwa kale za m'mudzimo, kenaka n'kugamula. Chimene inu mumati "ndaona" ndi chigamulocho. Kawirikawiri amfumuwa amagamula bwino, n'chifukwa chake timafika kudimba osagwera m'chitsime. Koma mboni zikaperewera kapena zikatsutsana, iwo mlandu sauimitsa. Amagamulabe.

Ulendo wake uli chonchi. Kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali kumagunda chinthu n'kunjanja kulowa m'diso. Anzeru ambiri akale ankaganiza kuti diso ndilo limatulutsa kuwala ngati tochi, ndipo amene anatsutsa zimenezi ndi umboni wogwirika ndi Ibn al-Haytham, yemwe ankakhala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Kuwalako kumadutsa pa kagalasi ka kutsogolo kwa diso, kumalowa pa kabowo kakuda kaja timati kamwana ka diso, kumapindidwa ndi kagalasi kena ka m'kati, n'kukagwera pa kansalu kopyapyala koyalidwa kumbuyo kwa diso, komwe achipatala amati retina. Pa kansaluko pali maselo a mitundu iwiri: pafupifupi 120 miliyoni ogwira ntchito kukada, ndi pafupifupi 6 miliyoni a masana, osiyanitsa mitundu ya zinthu. Koma mtsempha wochoka m'diso kupita ku ubongo uli ndi timaulusi tongopitirira 1 miliyoni. Uthenga wonsewo sungadutse pakhomo lopapatiza chotero, ndiye diso limayamba lasefa, n'kutumiza makamaka za m'mphepete mwa zinthu, zoyenda, ndi pamene kuwala kwasintha. Zotsalazo ubongo umadzazamo wokha.

Mbali ya ubongo yolandira uthengawu ili kunkhongo. Munthu akagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo amaona timoto tikuthwanima ngakhale kuli mdima wandiweyani, ndipo wina sitiroko ikamugwira malo amenewo amasiya kuona mbali imodzi chikhalirecho maso ake ali bwinobwino.

Buku la sayansi likuti chithunzi chimafika m'diso chili chadodolido. Nanga bwanji sitiona anthu akuyendera mitu?

Bukulo silikunama. Koma m'mutumu mulibe kamunthu kena kokhala pampando kakuonerera chithunzicho kuti kadandaule zoti chazondoka. Chofika ku ubongo ndi uthenga wa m'mitsempha basi, ndipo ubongo unaphunzira tili makanda kuti pansi ndi kumene kuli mapazi, kumene chikho chimagwera chikapulumuka m'manja. Mu 1896 ndi 1897 George Stratton wa ku America anavala magalasi ozondotsa dziko, ulendo wachiwiriwo kwa masiku 8. Poyamba ankapunthwa, kuphonya zomwe akufuna kugwira, ndi kumva nseru. Pofika kumapeto ankayenda m'nyumba mosavutika kwenikweni, ndipo atawavula anasokonezekanso kwa kanthawi.

Akuti diso lililonse lili ndi malo osaona. Zoona?

Zoona, ndipo mutha kudzionera panopa. Ikani njere ya chimanga patebulo, nyemba kumanja kwake, motalikirana ngati zala zinayi kapena zisanu. Tsinzinani diso lamanzere. Ndi lamanjalo yang'anitsitsani chimanga, osacheukira nyemba, muzitsitsa ndi kukweza mutu pang'onopang'ono. Mutu ukafika ngati utali wa rula kuchokera patebulo, nyemba ija izimiririka. Chithunzi chake chagwera pomwe mtsempha umatulukira m'diso, ndipo pamenepo palibe maselo oona. Wansembe wa ku France, Edme Mariotte, ndiye anazitulukira m'ma 1660.

Chondisangalatsa ine si kusowa kwa nyembako koma zotsala m'malo mwake. Simuona dzenje lakuda, mumaona tebulo. Amfumu aja alemba umboni womwe mboni sinapereke. Ndikawachititsa zimenezi ana a Fomu 1 kalasi yonse imasokosera, ndipo chaka china mnyamata wina anandifunsa ngati njira yomweyo ingasowetse a hedi pa asembule.

N'chifukwa chiyani usiku chitsa chimaoneka ngati munthu wonjuta?

Maselo a usiku aja amamva kuwala kochepetsetsa, koma mitundu saidziwa ndipo mizere saiona bwino. Achuluka cham'mbali mwa retina, pakati penipeni palibe. Kanyenyezi kofooka mukakalunjika kamasowa, mukayang'ana pambali pake kamabwerera. Chitsa nacho chimatero: mwachiona cham'mbali, mukachilunjika chasungunuka mumdima, mukacheuka chabweranso. Kwa munthu amene mtima uli kale m'mwamba, ndiye kuti chinthucho chikuyenda.

Umboni ukachepa chonchi ubongo umatsamira pa zomwe ukuyembekezera. Ndipo ubongo wa munthu uli ndi njala ya nkhope za anthu, umazipeza m'mitambo, pakhoma lodontha, ngakhale kutsogolo kwa lole. Kulakwitsa kumeneku kuli ndi nzeru yake. Kuthawa chitsa n'kudzadziseka m'mawa n'kotchipa kusiyana ndi kuyesa fisi chitsa. Onjezanipo kuti njirayo yadutsa kumanda, ndipo madzulo omwewo mumamvetsera nkhani za mizukwa.

Mukatuluka m'nyumba yowala, maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima kwathunthu, ndipo kuyatsa foni kumabweza ntchitoyo m'mbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali china chosafunika kudekha. Maselo a usikuwa amagwira kuwala ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku vitamini A. Mwana kapena mayi woyembekezera amene chisisira chikangogwa amayamba kupapasa ndi kugunda ziwiya, anzake akuona bwinobwino, mwina vitaminiyu wamuperewera, ndipo apite naye kusikelo kapena kuchipatala. Vitaminiyu amapezeka m'mbatata yofiira m'kati monga Zondeni, m'maungu, mango, mapapaya, karoti wa pa Lizulu uja, bonongwe, nkhwani, mazira ndi chiwindi. Ndiwo zamasambazo zimafuna nsinjiro kapena kadontho ka mafuta kuti thupi limutenge bwino.

Agogo anga saona bwino, koma akuti akumaona ana ovala zoyera atakhala pakhonde, nthawi zina ting'ombe tating'ono tikudutsa m'nyumba. Ayamba misala, kapena pali zina?

Funso ili ndi limene linandikhazika pansi kuti ndilembe zonsezi.

Mu 1760 Charles Bonnet wa ku Geneva analemba za agogo ake aamuna, a zaka pafupifupi 90, amene maso awo anali atatheratu ndi ng'ala. Mkuluyo ankaona anthu, mbalame, ngolo ndi nyumba zomwe panalibe, komabe mutu wake unali wakuthwa, ndipo ankadziwa kuti si zenizeni. Vutoli mpaka lero limadziwika ndi dzina la Bonnet. Maso akachepetsa kutumiza uthenga, mbali ya kunkhongo ija siikhala manja lende, imayamba kutulutsa zithunzi zakezake. N'chimodzimodzi ndi munthu amene anamudula mwendo koma chala cha mwendo womwewo chikumuyabwa.

Mungalizindikire motere. Zithunzizo sizilankhula ndipo sizichita phokoso. Zimakonda kubwera munthu atakhala phee pamalo a chizirezire. Agogowo amadziwa abale awo, amakumbukira amene anabwereka nkhwangwa mwezi watha, amatsata nkhani bwinobwino. Kuyatsa nyali, kuphethira kangapo, kuyendetsa maso uku ndi uku kapena kuimirira nthawi zambiri kumazibalalitsa. Ngati chayambitsa ndi ng'ala, maso akakonzedwa alendowo kawirikawiri amasiya kubwera.

Chondiwawa n'chakuti m'midzi mwathu nkhalamba yonena kuti usiku inaona ana pakhonde ikudziika pamoto. Mawa mwana wa pakhomo loyandikana akadwala, mawu aja anthu amawakumbukira. Tamva kangati pawailesi za agogo omenyedwa kapena kuotcheredwa nyumba powaganizira ufiti? Ndiye ambiri amene zikuwachitikira amangosunga mumtima, n'kumagona ndi mantha kuti mwina alodzedwa. Agogo anuwo anakukhulupirirani pokuuzani. Auzeni kuti vutoli n'lodziwika ndipo lili ndi dzina, kenaka muwaperekeze kukapimitsa maso.

Koma ngati zayamba mwadzidzidzi, limodzi ndi kutentha thupi, kubwebweta, kusazindikira abale kapena kumva mawu, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala malungo aakulu, shuga kapena matenda ena a m'thupi, ndipo ndi za chipatala tsiku lomwelo.

Mwezi ukamatuluka kuseri kwa phiri umakhala ngati lichero, ukafika pamutu wachepa. Umaphwa?

Suphwa. Tambasulani mkono muuphimbe ndi chikhadabo cha chala chaching'ono: chimauphimba potuluka, chimauphimbanso pakati pa usiku. Kapena pindani pepala ngati paipi musuzumiremo kuti phiri ndi mitengo zisaoneke, muona mwezi utabwerera msinkhu wake. Ubongo suyeza kukula kwa chinthu pachokha, umayerekeza ndi zoyandikana nacho ndiponso ndi mtunda womwe ukuganiza kuti chilipo.

Mtundawo umaupeza m'njira zingapo. Maso athu atalikirana masentimita 6 kapena kupitirirako pang'ono, choncho lililonse limaona mosiyanako ndi linzake, ndipo kusiyanako ndi kumene kumatithandiza kulowetsa ulusi pasingano. Pa zinthu zakutali timadalira kukula komwe tinazolowera, chomwe chaphimba chinzake, ndi kuyera kwa mpweya. Mu Okutobala, utsi wa moto wolusa ukadzaza, phiri la Chongoni limatuwa ngati lasamukira ku Mozambique. Mvula yoyamba ikangotsuka mpweya, m'mawa mwake limaoneka ngati ungaligende ndi mwala.

Pamsewu zimenezi zimapha. Nkhungu ya mu Juni ndi Julayi cha ku Bembeke imachititsa galimoto yapafupi kuoneka yakutali, poti ubongo unazolowera kuti chotuwa n'chakutali. Usiku galimoto ya nyali imodzi imaoneka ngati njinga yamoto, ndipo njinga yamoto yeniyeniyo, ndi kanyali kake kamodzi, n'kovuta kudziwa kuti ili pati ndipo ikubwera ndi liwiro lanji. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo ndi yomwe dalaivala watcheru amatha asanaponde n'komwe mabuleki. Akabaza anzanga ovala jekete lakuda usiku, inu nyali zake mukuziona, koma iye inuyo sakukuonani.

Nanga madzi aja amaoneka patsogolo pa tala tikamapita ku Balaka nthawi yotentha?

Apa ubongo tisaunamizire kwambiri. Mpweya wotentha wa pamwamba pa tala umapinda kuwala kochokera kumwamba n'kukuloza m'maso mwanu, ndiye chomwe mukuona pansipo ndi thambo. Kamera nayo imachijambula. Cholakwa cha ubongo n'kungochitchula kuti madzi.

Chimatigwira n'chiyani kuti tisagwe poyenda?

Mboni zitatu: maso, minofu ndi mfundo za thupi kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, ndi khutu lam'kati. Yachitatuyi ndi yomwe anthu ambiri sadziwa kuti ali nayo mpaka tsiku lomwe yadwala.

Kuseri kwa nembanemba ya khutu, m'kati mwa fupa lolimba la chigaza, muli kachiwalo kosaposa nsonga ya chala. Mbali yake imodzi, yopotana ngati chigoba cha nkhono, ndi yomvera. Mbali inayo ndi timachubu titatu topindika ngati zigwinjiri, todzaza madzi, kalikonse koloza kwake, moti kaya mwagwedeza mutu povomera, kaya mwapukusa pokana, kaya mwaupendeketsera kuphewa, kalipo kamene kamva. Mutu ukatembenuka madziwo amatsalira pang'ono, monga amachitira madzi a m'ndowa mukaizungulitsa, ndipo amakankha titsitsi tomwe timauza ubongo. Mwana akazungulira n'kuima mwadzidzidzi, madziwo amakhala akuyendabe, n'chifukwa chake amadzandira n'kugwa akuseka. Pafupi ndi timachubuto pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tosaoneka ndi maso, ta mtundu umodzi ndi chigoba cha dzira. Kulemera kwa timiyalato ndiko kumatiuza kumene kuli pansi, ndiponso kuti minibasi yanyamuka kapena yaima ngakhale tili chitsinzinire.

Robert Bárány, dokotala wa makutu ku Vienna, anaona kuti akamatsuka odwala m'makutu ndi madzi ozizira kapena otentha kwambiri, iwo ankamva chizungulire ndipo maso awo ankagwedezeka okha. Anaitsata nkhaniyo mpaka inamupatsa mphoto ya Nobel ya 1914, yomwe uthenga wake unamupeza ali mkaidi wa nkhondo m'manja mwa asilikali a Russia. Zamadzizo musayesere kunyumba. Yesani izi: imikani chala patsogolo panu, muzipukusa mutu mofulumira mukuchiyang'ana. Chimaonekabe bwino. Tsopano mutu ukhale phee, muzigwedeza chalacho mofulumira chomwecho. Chimachita mbuu. Poyamba paja makutu ndi amene amawongolera maso, ndipo makutu ndi achangu kuposa maso.

Zonsezi zimakakumana m'kachigawo ka ubongo ka kunsi kwa nkhongo, komwe kamasunga luso la thupi, monga kupalasa njinga ndi kuponda ngoma ya Angoni osaphonya phazi. Taonani mayi wosenza ndowa ya malita 20 pankhata, mwana ali kumbuyo, akutsika mtsetse woterera uku akucheza ndi mnzake. Khosi lake likuwerenga kupendekeka kwa madziwo n'kukonza asanaganize n'komwe. Ofufuza amene anayeza amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya m'ma 1980 anapeza kuti amasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thupi lawo popanda kuonjezera mphamvu zoyendera. Za kudambwe sindizilowa, koma woonerera gule aliyense akhoza kuona kuti Makanja saima phee nthawi yaitali pabwalo, amangopondaponda. Chinthu chachitali chotero chimakhazikika poyenda.

Ndikamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndimamva nseru, mnzanga wa mpando womwewo akudya chipisi. Bwanji?

Mboni zanu zatsutsana. Makutu akuti tikukhota, tikutsika, takhotanso. Maso, poti ali pa foni kapena pamsana pa mpando wakutsogolo, akuti takhala phee. Zotsatira zake ndi kuyasamula, malovu m'kamwa, thukuta lozizira, kenaka jumbo. Umboni woti gwero lake ndi khutu ndi wakuti anthu amene timachubu tawo tija tinaferatu sadwala matendawa. Dalaivala naye sadwala, chifukwa khona amaiona isanafike ndipo thupi lake limakhala litakonzeka. Amavutika kwambiri ndi ana a msinkhu wa kupulaimale, amayi oyembekezera, ndi odwala mutu waching'alang'ala. Mnzanu wa chipisiyo anangobadwa ndi mwayi, kapena msewuwo anauzolowera.

Khalani kutsogolo ngati kondakitala alola, maso akhale kutali kumene msewu ukupita, foni ilowe m'thumba, mutu utsamire, zenera litseguke. Musanyamuke ndi njala komanso musakhute zamafuta. Mapiritsi ake alipo ku famase, amamwa ulendo usanayambe, ndipo amagonetsa, choncho woyendetsa galimoto kapena njinga asawakhudze.

Kutsekeka kwa makutu pamsewu womwewo ndi nkhani ina. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja siifika ndi 500 omwe. Mpweya wakumunsi ndi wothinana, umakankha nembanemba ya khutu. Mezani malovu kapena yasamulani, ndipo khanda liyamwe.

Padepoti basi yathu inali chiimire, koma ine ndinamva ikubwerera m'mbuyo.

Imene inanyamuka ndi ya pambali panu. Inadzaza zenera lonse, ndipo ubongo unazolowera kuti zonse zooneka zikamayenda, woyenda ndiwe. Msampha womwewu ndi umene umagwetsa anthu pa ulalo wa mtengo umodzi mtsinje ukadzaza: mukayang'ana madzi, mumamva ngati mtengowo ukuthawira kumtunda, mumapendekeka kuti mudziwongole, basi mwalowa. Maso akhale pa mtengo kapena chulu cha kutsidya. Tsiku lina mutaima pabwino m'mbali mwa Linthipe, yang'anitsitsani madzi othamanga kwa theka la mphindi, kenaka muyang'ane mwala wa pagombe. Muuona ukukwawira kumtunda.

Ndikatembenuka pabedi nyumba yonse imazungulira. Ndi BP?

Mwina ayi. Mawu oti chizungulire timawagwiritsa pa zinthu zosiyana, ndipo mukafika kuchipatala muwathandize achipatalawo pofotokoza bwino kuti chanu n'chotani.

Ngati denga limazungulira mukatembenuka pogona, mukawerama kapena mukayang'ana kumwamba, n'kusiya mphindi isanathe, kawirikawiri ndi timiyala tija tathothoka n'kulowa m'kachubu kosayenera. Zimachitika kwambiri kwa achikulire ndi kwa amene anamenyetsa mutu. Zimaopsa koma sizipha, ndipo mankhwala ake enieni si mapiritsi. Wachipatala wodziwa amakugonekani n'kutembenuza mutu wanu m'njira yomwe anaikonza John Epley wa ku America, kuti timiyalato tigubudukire kwawo.

Ngati mumaona mdima mukadzuka msanga pampando kapena mukaweramuka polima, pamenepo ndi magazi achedwa kufika kumutu. Njala, ludzu, kutsegula m'mimba, kuchepa kwa magazi, pathupi, ngakhale mankhwala a BP omwewo amachita zimenezi. Dzukani mwapang'onopang'ono, ndipo zikamabwerezabwereza kapimitseni.

Choopsa ndi chizungulire chobwera limodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka, kulephera kuyenda, kapena mutu wowawa mwadzidzidzi kuposa kale lonse. Imeneyo itengeni ngati sitiroko, musadikire kuti kuche. Dziwaninso kuti kwinini amachititsa makutu kulira, ndipo majakisoni ena monga gentamicin ndi streptomycin amatha kuwononga khutu lam'kati. Mukayamba kudzandira kapena kusamva muli pa mankhwala otere, auzeni amene anakulemberani.

Woledzera amadzandira chifukwa chiyani?

Mowa umafooketsa kachigawo ka kunsi kwa nkhongo kaja, ndiye phazi limafika pomwe silinatumidwe. Umalowanso m'timachubu ta m'khutu n'kusintha kulemera kwa zam'katimo, moti munthu akagona n'kutsinzina, makutu amamuuza kuti mphasa ikuzungulira. Amene wamwa kachasu zaka zambiri kachigawoko kamatha kunyala, n'kumayenda chotangadza miyendo ngakhale tsiku lomwe sanalawe.

Ndakwanitsa zaka 45, Baibulo ndikuwerengera patali. Ndi ng'ala?

Ayi achimwene, ndi msinkhu. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamasintha maonekedwe kuti tione zapafupi, ndipo zaka zikapitirira 40 kamayamba kuuma. Magalasi owerengera amathetsa nkhaniyi, ndipo sawononga maso monga ena amanenera.

Ng'ala ndi pamene kagalasi komweko kachita mtambo. Munthu amaona ngati ali mu nkhungu yosatha, nyali za galimoto zimamuthobwa, kenaka kamwana ka diso kamatuwa. Palibe mankhwala odonthezera kapena a zitsamba oichotsa. Opaleshoni yake ndi yaifupi: amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo ka pulasitiki, ndipo ambiri m'mawa mwake amaona. Zoti amakolowola diso lonse ndi mphekesera chabe. Ife kuno tili pafupi ndi chipatala cha Nkhoma, chodziwika ndi ntchito ya maso, komanso chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo poyambira ndi kwa a zamaso pachipatala cha boma lanu.

Amene ine ndimawaopa ndi matenda a glaucoma, ofala pakati pa anthu akuda. Amadya mtsempha wa diso kuyambira m'mbali, osawawa, ndipo poti ubongo umadziwa kudzaza mipata monga tinaonera ndi nyemba ija, munthu amazindikira zambiri zitapita. Zopitazo sizibwerera. Mukapita kukatenga magalasi owerengera, pemphani akuyezeninso kuthinana kwa madzi a m'diso, makamaka ngati kwanu wina anachita khungu. A shuga nawo azipimitsa maso chaka ndi chaka. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda aja opindira nsidze m'diso, koma chizolowezi chothira mkodzo, mandimu kapena madzi a masamba m'diso lofiira sitinachigonjetse, ndipo chinaonekeranso pa mliri wa maso ofiira wa mu 2024.

Khanda limayamba liti kuona?

Tsiku lobadwa, koma mwa mbuu. Limaona bwinoko pa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wa pakati pa bere ndi nkhope ya mayi. Zotsalazo ubongo umachita kuphunzira, ndipo sukulu yake ili ndi nthawi yotsekera. David Hubel ndi Torsten Wiesel, amene analandira Nobel mu 1981, anaonetsa pa tiana ta amphaka kuti diso likatsekedwa m'masabata oyambirira, ubongo umalitaya, ndipo ngakhale lidzatsegulidwe silionanso bwino. Choncho mwana wa diso loloza kwina, kapena amene kamwana ka diso lake kakuoneka koyera, si woti tidikire akule. Koyerako kakhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso, ndipo zonsezi zimafuna changu.

Aphunzitsi anzanga, mwana wachialubino maso ake amagwedezeka okha ndipo saona patali. Akhale kutsogolo, muzilemba zilembo zazikulu, ndipo akaika buku pamphuno musamuletse.

Chikope changa chakhala chikugwedera masiku atatu. Kukubwera mlendo kapena maliro?

Kukubwera tulo tomwe munatikongola. Ndi kamnofu ka chikope katopa chifukwa cha kusagona, nkhawa, tiyi kapena khofi wambiri. Kamasiya kokha. Kakatha milungu ingapo, kapena tsaya lonse likayamba kukokeka, kaonetseni.

Kodi chofiira chomwe ndimaona ine ndi chomwe mumaona inu?

Kwa ambiri n'chofanana, poti maselo a masana aja alipo mitundu itatu ndipo ubongo umayerekeza mayankho awo. Koma mayina timagawa mosiyana. Ife thambo ndi msipu tonse timatha kuti n'zobiriwira, ngakhale maso athu amazisiyanitsa bwino lomwe, ndipo tikafuna kulongosola timabwereka mawu oti buluu. Ndiye pali ena amene anabadwa mtundu umodzi wa maselowo uli wosiyana kapena palibe, moti chofiira ndi chobiriwira zimawasokoneza. John Dalton wa ku England anafotokoza za vuto lake lomweli mu 1794. Limagwira kwambiri amuna, ndipo mnyamata amalitengera kwa mayi ake, amene iwo eni nthawi zambiri amaona bwinobwino. Pakati pa azungu ndi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse, kuno ku Africa ndi ocheperapo, koma alipo.

Ndinaphunzitsapo mnyamata wina wa cha ku Lizulu amene kwawo ankamutcha waulesi ndi wamwano, chifukwa akamutuma kudimba kukathyola tomato wakupsa ankabwera ndi dengu losakaniza ndi wamuwisi. Anakwapulidwapo kangapo. Tsiku lomwe tinkaona m'kalasi zithunzi za timadontho zoyezera vutoli, anzake onse anafuula nambala yomwe inali pakati, iye n'kufunsa kuti nambala yake iti. Ndinalembera bambo ake kakalata. Kuyambira pamenepo ntchito yake inakhala yothirira ndi kusenza madengu kupita nawo kumsewu, kuthyola n'kusiyira mlongo wake.